Funsani Amakanika: Mapikapu a Rat Rod, Odzala Dzimbiri Koma Othamanga

Mwezi uno tasonkhanitsa makalata okhudza mapikapu akale a ku America omangidwa mwa mtundu wa rat rod. Ena mwa olemba angoona chithunzi chabe, ena gulayinda ili kale m'manja.

"Mwana wanga ali ku Texas ndipo wanditumizira chithunzi cha pikapu ya Chevrolet yodzala dzimbiri, mimba ili pafupi kukhudza pansi, boneti palibe, injini ili pambalambanda. Akuti imatchedwa rat rod ndipo anthu amaunjikana kuionera. Kuno galimoto yotere timati sikirapu. Kodi eni ake amasowa ndalama ya penti?"
Mayi N., Zomba

Mayi, pentiyo amachita kuikana dala. Nkhaniyi mizu yake ili kummwera kwa California, kumene m'zaka za m'ma 1930 anyamata ankatenga Ford zakale za Model T ndi Model A, n'kuchotsa madigadi, mabampa ndi chilichonse cholemera, kenako n'kukapikisana liwiro pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc ndi El Mirage. Galimoto zimenezo ndi zomwe zinadzatchedwa hot rod. Zambiri zinkayenda ndi penti yoyamba yokha, yotuwa kapena yakuda, chifukwa kandalama konse kankathera mu injini. Pofika m'ma 1980 masewerawa anali atalowereredwa ndi anthu a chuma. Penti inali yonyezimira ngati galasi, zitsulo zinali za aluminiyamu wosemedwa ndi makina wotchedwa billet, ndipo galimoto inkapita ku chionetsero itakwezedwa pa ngolo kuopa fumbi. Achinyamata ena zinawanyansa, ndipo anabwerera ku kamangidwe ka agogo awo, kotola zitsulo zakale n'kumanga galimoto yoyenda tsiku lililonse, yomwe inadzatchedwa rat rod. Chionetsero cha Billetproof, chomwe chinayamba ku California mu 1997, dzina lake lomwelo likukana billet.

Mapikapu anakondedwa chifukwa cha mtengo. Bodi ya Ford ya 1932 inali itakwera kale, pomwe makebini a mapikapu anali mbwee m'mafamu, ndipo m'madera ouma ngati Arizona, New Mexico ndi kumadzulo kwa Texas dzimbiri limangodya pamwamba osaboola chitsulo. Omwe amafunidwa kwambiri ndi Chevrolet a 1947 mpaka 1955 otchedwa Advance Design, Ford F-1 a 1948 mpaka 1952, Dodge a 1948 mpaka 1953 ndi International KB. Ena amatenga kebini yokha, n'kuiika pa chasisi chomanga okha, madigadi osaikapo, bodi ya katundu n'kuifupikitsa. Ena amasunga bodi yonse ndi dzimbiri lake, n'kubisa injini ndi miyendo yamakono pansi.

Tinene mosabisa kuti pakati pa omanga galimoto ku America komweko alipo omwe dzina la rat rod amalimva ngati chitonzo, ndipo chifukwa ali nacho. Kwaoneka galimoto zambiri zowotchereredwa mwachisawawa, zina masipanala akale atalowa m'malo mwa zitsulo za chiwongolero. Yomangidwa bwino imaoneka yotha kunja kokha. Mukagwada n'kusuzumira pansi mumapeza mapaipi a mabuleki atsopano ndi zowotcherera zosalala.

"Ndapeza Chevrolet 3100 ya 1951 pa famu ina ku Free State, ku South Africa. Yakhala panja zaka zambiri. Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire, ndipo chasisi chake ndichisunge kapena ndiike china?"
Bambo K., Benoni

Pitani ndi sikuludiraiva yaikulu, tochi ndi tepi yoyezera. Dzimbiri lofiirira la pa denga ndi pa boneti lisakuopseni, ndi lomwe mukugula. Bayani malo awa: ngodya ziwiri zakumbuyo kwa kebini m'munsi, pansi popondapo mapazi, m'munsi mwa zitseko, m'munsi mwa mizati yomwe mahinji a zitseko amagwira, ndi pomwe kebini imamangirira ku chasisi. Pansi ndi ngodya za kebini n'zosavuta, zigamba zake zimagulitsidwa zopindidwa kale, kapena mutha kupinda nokha chitsulo cha 1.2 mm ku ngodya ndi cha 1.5 mm pansi. Mizati ya mahinji ikawola ntchito imakula, chifukwa zitseko sizidzatsekeka bwino mpaka mizatiyo itamangidwanso. Ndipo mapepala afunseni tsiku lomwelo. Pikapu yopanda umboni wa mwini wake ndi nambala yowerengeka ikhoza kukudyerani zaka ziwiri m'galaja n'kudzakanidwa pa kaunta.

Za chasisi. Choyambiriracho n'cholimba mokwanira ngati sichinawole kapena kupindika. Chiikeni pa malo a levulo, muyeze mopingasa kuchokera ku ngodya yakutsogolo kumanzere kufika yakumbuyo kumanja, kenako mbali inayo, pogwiritsa ntchito mabowo ofanana a ku fakitale. Miyeso iwiriyo isasiyane kupitirira 5 mm. Chasisi chimenechi n'chotseguka mbali yamkati ngati chilembo C, ndiye mukafuna kuika V8 muwotcherere pleti ya 3 mm kutseka mbali imeneyo kuyambira kutsogolo mpaka kupitirira pomwe giyabokosi imakhala. Wotchererani pang'onopang'ono, masentimita asanu mbali ino, asanu mbali inayo, apo ayi kutentha kudzachipotoza.

Ku America ambiri amachotsa chasisi chonse n'kuika cha Chevrolet S-10 ya 1982 mpaka 2004. Chifukwa chake ndi muyeso. Pa 3100 mtunda wa pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo ndi mainchi 116, kapena 2,946 mm, ndipo pa S-10 ya kebini imodzi ndi bodi yaitali ndi mainchi 117.9. Kusiyanako n'kochepa, ndipo munthu amapeza mabuleki a madisiki kutsogolo ndi chiwongolero chofewa nthawi imodzi. Vuto lake S-10 ndi yopapatiza, mawilo amabisala m'kati mwa madigadi, choncho amasintha marimu kapena kuika difu yaitali ya S-10 ya 4x4. Kumene muliko S-10 ndi yosowa. Zomwe zili ponseponse ndi Hilux ndi Isuzu KB, ndipo chiwongolero chake chili kumanja. Hilux ya 2005 kupita mtsogolo ndi 3,085 mm, kutanthauza kuti muyenera kuifupikitsa ndi 139 mm kuti mawilo akhale pakati pa madigadi. Musalole kuti wilo likhale losendera kumbuyo kapena kutsogolo m'digadi, diso limaona msanga ngakhale masentimita awiri. Musanadule chilichonse funsani ku ofesi yolembetsa galimoto kuti pikapuyo idzalembedwa pa nambala iti, ya kebini kapena ya chasisi chatsopanocho.

"Ndikufuna kutsitsa denga la kebini ya Ford F-1 ya 1950. Ndidule mainchi angati, ndipo ndiyambire pati?"
Achimwene L., Indianapolis

Kudula mizati kuti denga litsike kumatchedwa chop, ndipo kudula pansi pa kebini kuti kebiniyo imire m'chasisi kumatchedwa channel. Tatchula zonse ziwiri chifukwa zimadyera m'mbale imodzi, malo a mutu wanu. Mukachotsa 100 mm pamwamba ndi 100 mm pansi mwataya 200 mm, ndipo munthu wamtali adzayendetsa khosi lili chopindika, maloboti akuwayang'anira pa zenera la m'mbali. Yambani mwaika mpando womwe mudzagwiritse ntchito, mukhalepo, wina ayeze kuchokera pamutu kufika kudenga. Pakatha zonse pazitsala malo okwana chibakera. Kwa woyamba kumene, 75 mm ndi yokwanira.

F-1 yanu yakukomerani chifukwa galasi lake lakutsogolo ndi lathyathyathya. Chevrolet ya 1947 mpaka 1953 nayonso ili ndi magalasi awiri athyathyathya. Ford F-100 ya 1953 ndi Chevrolet ya 1954 zinabwera ndi galasi lokhota, ndipo pamenepo ntchito imayambira kwa wodula galasi, chitsulo n'kumatsatira galasilo.

Dongosolo lake ndi ili. Konzani kaye dzimbiri la pansi ndi la m'mizati, ndipo zitseko zikhale zikutsekeka bwino musanayambe. Chotsani magalasi, mpando, mawaya a m'mizati, ndi thanki ya petulo yomwe ili kuseri kwa mpando. Thankiyo itulutseni m'galaja momwe, ngakhale ikhale youma kwa zaka. Kenako wotchererani mapaipi a sikweya a 25 mm m'kati mwa kebini, mopingasa ngati X pakati pa mbali ziwiri, ndiponso pakhomo la chitseko chilichonse m'munsi mwa podulapo. Kebini yochotsedwa denga popanda zochirikiza imaphwasuka ngati dengu lothothoka mkombero, ndipo kuibweza n'kovuta. Lembani podula ndi tepi yomata ya 75 mm, posankha pamene mzati uli wowongoka kwambiri kuti chapamwamba ndi chapansi zikumane zili zofanana kukula. Zenera lakumbuyo, ngati mukufuna lisachepe, lidulidwe lonse ndi felemu yake n'kudzabwezeretsedwa pambuyo.

Mukatsitsa denga mudzapeza kuti silikufika. Musadabwe. Mizati yakutsogolo ndi yopendekera kumbuyo ndipo kebini imachepa kumwamba, ndiye denga limakhala lalifupi. Njira ndi ziwiri: kudula denga mopingasa n'kuikapo kachigamba, kapena kucheka pang'ono m'munsi mwa mizati n'kuipendeketsa kuti ikumane nalo. Pa 75 mm kupendeketsa kumakwanira nthawi zambiri. M'kati mwa mzati uliwonse lowetsani kachitsulo kolumikiza, muboole mabowo a 8 mm pa mzati n'kuwotcherera kudzera m'mabowomo. Pa denga gwiritsani ntchito makina owotcherera a MIG a waya wa 0.6 mm, kadontho kamodzi apa, kena patali, kudikira kuti pazizire mpaka mutha kugwirapo ndi dzanja. Wowotcherera mzere wautali kamodzi amapeza denga lili mafundemafunde. Mitu ya zitseko idulidwe pomaliza, denga litagwira kale, ndipo musiye mpata wa 4 kapena 5 mm kuzungulira.

Magalasi jambulani pa pulayiwudi yopyapyala, muyese ndi labala wake, kenako mupite nayo kwa odula. Lakutsogolo likhale laminated, lija la magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati. La tempered silidulika, limangophulika kukhala timiyala. Galasi la mawindo a nyumba lisayandikire n'komwe galimoto.

"Ndingaitsitse bwanji pikapu kuti igwade ngati za m'zithunzi? Mnzanga akuti ndingochotsa masipuling'i angapo kapena kuwatenthetsa ndi gasi."
Bambo T., Chipata

Mnzanuyo musamumvere. Sipuling'i yotenthedwa imataya kulimba kwake ndipo imathyoka pamalo pomwe munatenthapo. Kuchotsa tsamba limodzi kapena awiri kumatsitsa pang'ono, koma mukapitirira ekiselo imayamba kumenya chasisi pa kadzenje kalikonse.

Kutsitsa kwenikweni kumachitika pa chasisi. Kumbuyo, difu yomwe inali pansi pa masipuling'i imakwezedwa kukhala pamwamba pake, ndipo pamene difuyo ingagunde chasisi amadulapo kakhonde kotchedwa C-notch. Kakhondeko kamadya theka la mphamvu ya chasisi ngati simunakatseke ndi pleti mbali zonse ziwiri. Ofuna kugwada kwambiri amadula chasisi kuseri kwa kebini n'kukweza chakumbuyo chonse, chimene amati Z chifukwa cha maonekedwe ake ukayang'ana cham'mbali. Omanga chasisi chatsopano amagwiritsa ntchito paipi ya 50 x 100 mm yokhuthala 3 mpaka 5 mm. Podula pakhale pa madigiri 45, m'mphepete musongole ndi gulayinda kuti chowotcherera chilowe mpaka m'kati, ndipo pamwamba pa mfundo iliyonse muwotcherere pleti ya 5 mm yooneka ngati dayamondi yozungulira ngodya. Pleti ya sikweya imasiya mzere woimirira wowotcherera, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Marodi akhale a 7018 a 3.2 mm, ouma bwino, kapena MIG ya ma amp 200 kupita m'mwamba. Marodi a 6013 omwe timapangira mageti ndi mafelemu a mawindo salowa mozama, asiyireni ntchito yomweyo. Difu izikhala ndi mpata wa 75 mm wokwera isanafike pa labala woimitsa.

Mukasintha zonsezi, yezaninso kupendekera kwa propshaft, chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku difu. Injini ndi giyabokosi zikaweramira kumbuyo madigiri 3, mphuno ya difu iyang'ane m'mwamba madigiri 3, kuti mizere iwiriyo iyende mofanana. Mukalakwitsa pamenepa galimoto imanjenjemera pa liwiro lina lake ndipo makolosi a propshaft amatha msanga.

Pali lamulo lina lomwe ku America amalitcha scrub line. Palibe chitsulo chilichonse cha chasisi, chiwongolero, sampu kapena thanki chomwe chiyenera kukhala m'munsi mwa mkombero wa rimu. Phwetsani tayala limodzilimodzi muone chomwe chayamba kukhudza pansi. Ngati si rimu, ndiye kuti tsiku lomwe tayala lidzaphulike pa 100 km/h pikapuyo idzatsetsereka pa chitsulo, chiwongolero ndi mabuleki zili zopanda ntchito.

Zambiri za m'zithunzi zija zimakhala pa matumba a mpweya. Ikaima imagwada, ikamanyamuka imadzuka. Pamafunika matumba anayi, thanki ya malita 19, makompuresa awiri ofika 200 psi, mapaipi a mpweya ngati a mabuleki a malole, ndi chotchera madzi. Thumba lisakhuze chitsulo paliponse ndipo litalikire ekizozi. Mpweya ukatha wonse mawilo azizungulirabe, kuti thumba likaphulika muthe kuima bwino m'mbali mwa msewu. Pa mahampu a kwathu kuno, poyenda pazikhala 150 mm pansi pa chitsulo chotsika kwambiri.

"Pikapu yanga ili ndi ekiselo yowongoka yomwe ndinaiika kutsogolo kwa rediyeta. Ndikagunda kadzenje pa 70 km/h chiwongolero chimagwedezeka koopsa mpaka ndiime."
Bambo D., Leeds

Ekiselo yotulutsidwa kutsogolo chonchi ku America amaitcha suicide front end, ndipo kugwedezekako amati death wobble. Mayina onse awiri akuchenjeza okha. Musagule kaye damper ya chiwongolero, imangobisa matenda.

Kwezani kutsogolo ndi jeke, mugwire tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likaseweza, ndi mabushi a kingpin, pini yomwe wilo limakhoterapo, kapena mabering'i. Gwirani kumanja ndi kumanzere muone mitu ya tie rod, ndodo yolumikiza mawilo awiri akutsogolo, ndi bokosi la chiwongolero. Zimenezi zikakhala bwino yezani caster, kupendekera kumbuyo kwa mutu wa kingpin. Pa ekiselo yowongoka izikhala madigiri 5 mpaka 7, galimoto ili pansi ndi kulemera kwake konse. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Amaika madigiri 6 chasisi chili pa levulo m'galaja, kenako n'kuika matayala aakulu kumbuyo. Kumbuyo kukakwera madigiri 3, caster yatsala 3. Mawilo aziyang'anana pang'ono kutsogolo, 3 mm pa matayala a cross-ply, 1.5 mm pa a radial, ndipo mitundu iwiriyi isasakanizidwe. Matayala akale aja a cross-ply nthawi zina sakhala ozungulira bwino, apimitseni pa makina. Mashoko akhalepo, ndipo ngati ndodo ya chiwongolero ikudutsa mopingasa kupita ku wilo la mbali inayo, pakufunika Panhard bar yoletsa ekiselo kusuntha cham'mbali.

Onaninso zinthu ziwiri. Ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero iziyenda mofanana ndi mikono yogwira ekiselo, kupendekera kwake ndi kutalika kwake. Zikasiyana, ekiselo ikakwera galimoto imadzikhotera yokha. Chachiwiri, ngati munatembenuza mikono ya chiwongolero kuti tie rod ikhale kutsogolo kwa ekiselo, kokani chingwe kuchokera pakati pa difu kudutsa pa kingpin. Mutu wa tie rod uyenera kukhala pa mzere womwewo. Ukakhala m'kati, matayala amakwekwesa pa kona iliyonse. Mkono wa chiwongolero usadulidwe n'kuwotchereredwa, gulani wopangidwira ntchitoyo.

"Ndaika madisiki kutsogolo, madiramu kumbuyo, master cylinder ili pansi pa kebini. M'mawa uliwonse pedulo imafika pansi mpaka ndipope."
Achimwene S., Pretoria

Ngati palibe podontha ndipo mwachotsa mpweya, vuto ndi malo a master cylinder, pampu ya mabuleki yokankhidwa ndi pedulo. Pikapu ikatsitsidwa, master cylinder ya pansi pa kebini imakhala m'munsi mwa makalipa, ndipo mafuta a mabuleki amabwerera usiku. Ikani ma residual valve, mavalavu osunga kamphamvu pang'ono m'paipi, pafupi ndi master cylinder, ya 2 psi pa paipi ya madisiki ndi ya 10 psi pa ya madiramu. Musazisinthanitse, ya 10 psi pa madisiki imagwiritsa mabuleki mpaka kutentha. Onaninso kuti kabawuti kotulutsira mpweya pa kalipa kali pamwamba. Makalipa akasinthana mbali kamakhala pansi, ndipo mpweya sutuluka ngakhale mupope tsiku lonse.

Poti tafika pa mabuleki, mapikapu a m'ma 1940 ndi 1950 anabwera ndi master cylinder ya chipinda chimodzi, yomwe paipi imodzi ikaphulika mawilo onse anayi amataya mabuleki. Ya zipinda ziwiri inakhala ya galimoto zonse ku America chakumapeto kwa m'ma 1960, ndipo ndi yomwe muyenera kuika. Mapaipi akhale a 4.75 mm achitsulo kapena a cunifer (kopa wosakaniza ndi nickel), milomo yopindidwa kawiri, omangiriridwa ku chasisi pa 300 mm iliyonse. Paipi ya kopa ya mafiriji imang'aluka ndi kunjenjemera. Popanda booster, chopepukitsa kuponda mabuleki, pedulo izikhala pa 6:1, kutanthauza kuti kuchokera pa pini kufika popondapo kukhale kutalika kasanu ndi kamodzi kuposa kuchokera pa pini kufika pa ndodo yokankha. Ndi booster, 4:1. Handibuleki ya waya isachotsedwe.

"Dzimbiri lokongola lija amalisunga bwanji kuti lisapitirire kudya bodi? Ndinapopera vanishi ya galimoto koma patatha miyezi ingapo yayamba kusendeka."
Mayi R., Harare

Vanishi imafuna pogwira polimba, ndipo dzimbiri lofumbutuka silipereka pogwira. Chinyontho chotsekeredwa pansi chimaikankha mpaka isendeke ngati khungu la njoka. Ichotseni pamene yasendeka ndi sandipepa wosalala.

Maonekedwe amenewa amatchedwa patina, ndipo kukongola kwake ndi kusanjikizana kwa penti yakale, penti yoyamba ya pansi pake ndi dzimbiri. Tsukani bodi ndi madzi a sopo ndi kasiponji kotuwa ka Scotch-Brite, mopepuka, mpaka fumbi la dzimbiri litasiya kuthimbiriritsa nsalu. Nthawi zambiri penti yomwe mumayesa kuti inatha imatulukira pansi pake. Iume masiku awiri padzuwa. Kenako sakanizani boiled linseed oil ndi turpentine theka kwa theka, pakani ndi nsalu mopyapyala, mudikire mphindi 15 kapena 20, n'kupukuta yonse yotsala. Yosiyidwa yambiri imanata ndipo imatola fumbi lonse la m'njira. Isayende masiku awiri, ndipo muzibwereza pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Nsalu zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka moto, magalaja apsa nazo. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena muzimize m'ndowa ya madzi. Dziwaninso kuti mafutawa amalowa m'dzimbiri, ndiye ngati mudzafune penti yeniyeni mtsogolo padzafunika kupala mpaka chitsulo choyera.

Zonsezi ndi za kunja. Kuseri kwa madigadi, pansi pa kebini ndi m'kati mwa zitseko palibe wochita nazo chidwi, choncho palani ndi burashi ya waya, pakani mankhwala opha dzimbiri, kenako epoxy primer, ndipo tsegulani timabowo totulutsa madzi m'munsi mwa zitseko. Chigamba chatsopano chomwe chikuwala pakati pa bodi yakale mutha kuchikalambitsa. Sakanizani hydrogen peroxide wa ku famase magawo 8, viniga gawo limodzi ndi kamchere pang'ono, poperani pa chitsulo chopanda girisi, ndipo chidzafiira mukuona. Mtundu ukafika pomwe mukufuna tsukani ndi madzi a soda, muumitse, mupake mafuta aja. Penti ya zaka zimenezo kawirikawiri imakhala ndi mtovu, ndipo mfundo za bodi zinkasalazidwa ndi mtovu womwe, choncho palani ponyowa mutavala chotchinga mphuno chenicheni, ana ali kutali.

"Injini yoyambirira ya 216 ikadali yamoyo. Ndiisunge, kapena ndiike Cummins ngati zomwe ndimaona?"
Bambo P., Durban

216 ndi injini ya Chevrolet yofatsa, yamasilinda asanu ndi imodzi, koma mabering'i a ma conrod ake amalandira oyilo mochita kuwaza, ndipo difu ya 3100 ndi ya 4.11:1. Pa matayala a mainchi 28, liwiro la 100 km/h limatanthauza pafupifupi 3,050 rpm, zomwe injini imeneyi siingapirire ulendo wa ku Johannesburg. Ngati mukufuna kulira kwachikale, pezani injini ya Chevrolet 235 ya 1954 kupita mtsogolo, yomwe oyilo wake amayenda mwa mphamvu ya pampu paliponse, muike giyabokosi ya T5 ya magiya asanu. Giya yachisanu ya 0.72 imatsitsa injini kufika pafupifupi 2,200 rpm. Dziwani kuti 3100 mpaka 1954 propshaft yake ili m'kati mwa paipi yomangidwa ku difu, choncho kusintha giyabokosi kumakokanso kusintha difu.

Cummins 6BT, injini ya dizilo ya malita 5.9, ya mu Dodge Ram za 1989 mpaka 1998, imalemera pafupifupi theka la tani, kuwirikiza kawiri Chevrolet 350 V8. Imafuna chasisi, ekiselo ndi mabuleki a lole, ndi chifukwa chake ma rat rod a dizilo abwino amamangidwa pa chasisi cha Dodge momwemo. Ku South Africa injini yosavuta kupeza ndi V8 ya Lexus, 1UZ ya malita 4, yopepuka komanso yodziwika kwa amakanika ambiri. Iliyonse yomwe musankhe, ngati mwatsitsa rediyeta kuti igwirizane ndi mphuno yotsika, pothirira madzi pakhale pamwamba pa mitu ya injini, kapena muike kathanki kapadera pamwamba. Mpweya wotsekeredwa m'mitu ndi womwe umawiritsa injini zambiri zotere.

"Kodi mgolo wa mowa ungakhale thanki ya petulo?"
Achimwene G., Tete

Ungakhale, ndipo n'chizolowezi cha ma rat rod. Mgolo waukulu wa ku America umalowa malita pafupifupi 59. Ukhale wogulidwa mwachilungamo, chifukwa migolo imakhala ya kampani yofulula. Umafunika chivundikiro chotseka bwino, kapaipi kopumira kokhala ndi valavu yotseka galimoto ikagubuduzika, ndi malamba awiri achitsulo okhala ndi labala, omangidwa ku chasisi osati ku matabwa a bodi. Ukhale kutsogolo kwa chitsulo chomaliza cha chasisi kuti wogunda kumbuyo asayambire pa iwo. M'kati mwake mulibe zotchinga, ndiye petulo akachepa amathawira mbali imodzi pa kona. Kabuleta, yomwe imafuna 5 kapena 6 psi, imapirira zimenezo. Injini ya jekeseni imazima, pokhapokha muike kathanki kakang'ono kodyetsa pampu. Mgolo womwe munalowapo kale petulo usawotchereredwenso.

"Chevrolet ndi Ford zakalezo kuno n'zosowa. Kodi Nissan 1400, Land Rover kapena Bedford sizingachite?"
Bambo W., Mzuzu

Nissan 1400, yomwe inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, bodi ndi chasisi chake n'chinthu chimodzi. Mutha kuitsitsa pang'ono ndi kuisungira penti yake yakale, koma channel kapena Z pamenepo ndi kudula msana wa galimoto. Land Rover ya Series bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri lofiira, pomwe chasisi ndi khoma la kutsogolo kwa dalaivala, zomwe ndi zachitsulo, zimawola mobisa. Yoyenera kwambiri pa zitatuzi ndi Bedford J, yomwe inayamba kupangidwa mu 1958. Kebini yake yozungulira ndi madigadi ake otukuka zimafanana ndi za mapikapu a ku America a nthawi imeneyo, ndipo imachoka pa chasisi ndi mabawuti ochepa. Toyota Stout nayonso ili ndi chasisi chapadera. Pa malole akale chenjerani ndi marimu ogawika aja, omwe mkombero wake umatha kufwamphuka popopa n'kupha munthu. Popani tayala lotere lili m'khola lachitsulo, kapena sinthani marimu onse.

Pikapu yopanda madigadi, ya ekizozi zotulukira m'mbali mwa injini, imadutsa m'maboma ena a ku America chifukwa malamulo a galimoto zakale amasiyana boma ndi boma. Kuno idzafunika COF ngati galimoto ina iliyonse. Pitani ku Road Traffic ndi mapepala a kebini, a chasisi ndi a injini, pamodzi ndi chojambula cha zomwe mukufuna kusintha, gulayinda isanakhudze chitsulo. Madigadi, magetsi onse, ma wiper, hutala ndi malamba a pampando zikhalepo, ndipo ekizozi ipitirire kebini isanatulutse utsi, chifukwa kebini yakale ili ndi mabowo ambiri olowera utsiwo.